Wamva M'mimba Ndiye Atsegula Chitseko

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mwambiwu timakonda kuutchula podzudzula munthu amene akudikira kuti ena amuchitire zinthu, pomuuza kuti vuto ndi lake, adzuke yekha. Koma uli ndi mbali ina imene sitiiganizira kawirikawiri. M'nyumba yogona anthu ambiri, pakati pa usiku, wodziwa ngati ululu wafika poti n'kutuluka ndi mwini mimba yekha. Ogona pambali pake sangamuuze kuti apirire mpaka kuche, sangamukankhirenso panja asanafune. Ndipo akatsegula, mdima, mame ndi chilichonse chimene chili pabwalo akakumana nacho ndi iyeyo, anzake ali m'mabulangete. Mwambiwu ukumupatsa wovutikayo ntchito, komanso ukumupatsa ulamuliro pa chitsekocho. Ndi mbali yachiwiriyi imene ikutithandiza pa funso limene layamba kuvutitsa achinyamata a kwa Kapichi ndi madera ena a tiyi ku Thyolo akamaliza Folomu 4. Polemba chimangirizo chofunsira malo ku koleji kapena thandizo la fizi, kodi n'koyenera kutchula chipembedzo chako? Kodi n'koyenera kulemba za kukhala mtsikana, kapena za mmene umadzimvera pa nkhani ya umuna ndi ukazi? Yankho langa ndi lakuti chiganizo chimenechi n'cha mwini moyo, pakuti zotsatira zake adzazisenza yekha. Ndipo akasankha kutchula, alembe zimene chikhulupiriro chake kapena ukazi wake wamuchititsa, chifukwa dzina lokha la mpingo kapena la gulu silinena kanthu za iye.

Tiyambe ndi kuona pamene funsoli limabukira. Mwana wa kwa Kapichi wofuna malo ku yunivesite ya boma salemba chimangirizo. Amadzaza fomu kudzera ku bungwe la National Council for Higher Education, ndipo zomuyankhulira ndi mapointi a MSCE ndi maphunziro amene anakhoza bwino. Ngakhale yunivesite ya MUST ili pafupi, ku Ndata m'boma lomweli, kumene inatsegulidwa mu 2014, njira yolowera ndi yomweyo ya manambala. Koma malo ndi ochepa, ndipo ngakhale wosankhidwayo amapeza kuti fizi, pogona ndi chakudya sizingatuluke m'malipiro a mayi wothyola tiyi, amene ndalama yake imadalira makilo a pasikelo ndi kagwedwe ka mvula. Apa m'pamene pamayambira makalata: kalata yopempha thandizo ku mabungwe, chimangirizo cha sikolashipu ya Mastercard Foundation, mafomu a masukulu akunja monga Ashesi ku Ghana ndi African Leadership Academy ku Johannesburg, ndi a mayunivesite a ku America amene ambiri amafuna kuti wofunsira afotokoze moyo wake. Mafunso ake amafanana: ndiwe yani, wadutsa m'zotani, unatsogolerapo chiyani, udzabweza chiyani kwanu. Mwana amene zaka zonse za sukulu wakhala akulemba za ubwino wa mitengo ndi kuipa kwa matenda a Edzi, mwadzidzidzi akuuzidwa kuti adziyale yekha papepala pamaso pa anthu amene sadzawaona. Mpake kuti amathamangira kwa aphunzitsi, kwa abusa kapena kwa shehe kukafunsa zoti alembe ndi zoti abise.

Amene amalangiza mwana kuti asatchule za mpingo sakulankhula zopanda mutu. Akukumbukira zimene dera lino ndi dziko lino zinadutsamo. Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900, n'kukhazikika m'maesiteti a Thyolo ndi Mulanje pansi pa thangata, ankaitanidwa ndi dzina limene iwo ankalimva ngati chipongwe, ndipo ambiri analeka kulankhula Chilomwe pagulu kuti ana awo asamasekedwe. Zinatengera khama la Lewis Bandawe ndi anzake m'zaka za m'ma 1940 kuti boma la atsamunda livomere dzina lakuti Alomwe. Asilamu ambiri anakana kutumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akawatembenuza, ndipo ena amene anapitako anatenga mayina achikhristu kuti alandiridwe. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ambiri anamenyedwa, kuchotsedwa ntchito ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa chokana kugula khadi ya chipani. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ndondomeko yosankhira ophunzira ku yunivesite potengera boma lochokera inayamba m'zaka za m'ma 1980, khoti linaikana mu 1993, inabwereranso mu 2009, n'kudzathetsedwa mu 2020. Pa nthawi yonseyo mzere umodzi wa pa fomu unkatha kutsegula kapena kutseka tsogolo la mwana. Mtundu umene unaphunzira kuti mawu amodzi olembedwa angakuwonongere moyo suiwala msanga, ndipo mantha a agogo amafika kwa adzukulu ngati malangizo.

Ngakhale kumene chimangirizo chotere chinachokera, chiyambi chake sichinali choyera. M'zaka za m'ma 1920 akuluakulu a yunivesite ya Harvard anadandaula kuti Ayuda akuchuluka, chifukwa ankakhoza bwino mayeso olowera. Mtsogoleri wake, A. Lawrence Lowell, anafuna mu 1922 kuika malire a chiwerengero chawo. Maganizowo atatsutsidwa poyera, sukuluyo inapeza njira ina yofikira pomwepo: inayamba kuyeza chimene inkati khalidwe, kudzera m'makalata a umboni, zithunzi, mafunso okhudza makolo ndi zolemba za wofunsira mwini. Yale ndi Princeton zinachita zofanana, ndipo katswiri wina, Jerome Karabel, anafotokoza mbiri yonseyi m'buku lake The Chosen la mu 2005. Lero chimangirizo chimagwira ntchito ina, ndipo owerenga ambiri amachigwiritsa ntchito pofuna kupeza ana amene manambala okha akanawabisa. Komabe mbiriyi ikutiphunzitsa kuti pempho lakuti tiuze za iwe mwini lingachokere kwa wofuna kukuthandiza, lingachokerenso kwa wofuna kukusefa, ndipo wolembayo alibe njira yoonera nkhope ya wowerenga. Amene amauza mwana wa m'makomboni kuti angomasuka, dziko linasintha, akumulonjeza chinthu chimene iwo eni sangachitsimikize.

N'zoona kuti malamulo athu ali kumbali ya mwanayo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 limaletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo kapena chifukwa chakuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo gawo 33 limateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chikhulupiriro. Lamulo la mu 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limalamula boma kuonetsetsa kuti m'masukulu a ukachenjede amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse. Mkangano wa hijabu umene unabuka ku Balaka mu 2019, pamene atsikana achisilamu anabwezedwa pa sukulu ya mpingo wa Anglican, unatha ndi mgwirizano umene atsogoleri achikhristu ndi achisilamu anasainirana mu 2021 mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee. Mu Meyi 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba, kudzera mwa woweruza Zione Ntaba, linagamula kuti ana achirasta asamabwezedwe m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Zonsezi ndi zopambana zenizeni, ndipo mwana aliyense ayenera kuzidziwa kuti asamadzione ngati wopemphetsa. Koma taonani zaka zake. Ufulu umene unalembedwa mu 1994 unafunikabe woweruza mu 2023 kuti mwana alowe m'kalasi. Komanso milandu yonseyi inali ya tsankho loonekera, la pageti la sukulu masana dzuwa likuswa mtengo. Chimangirizo chimawerengedwa m'chipinda chotseka, ndipo wokanidwa amangolandira uthenga wakuti ofunsira anali ambiri. Lamulo silingagwire chimene palibe anachiona.

Tikalekera pomwepa, tingaganize kuti chanzeru ndi kungokhala chete nthawi zonse. Koma akuluakulu omwewo anatinso mbewa ya manyazi inafera kudzenje, ndipo kubisa kuli ndi mtengo wake. Mafomu amafunsa za utsogoleri. Mwana wa pa sukulu ya sekondale yoyendera, kumene mwina kulibe labotale, laibulale yokwanira kapena makalabu ambiri, utsogoleri anauphunzira kuti? Nthawi zambiri ndi kutchalitchi kapena kumzikiti. Thyolo ndi dera limene chipembedzo chinazika mizu m'maphunziro kuyambira kale. Mishoni ya Malamulo ku Makwasa ili m'manja mwa Adventist kuyambira 1902, ndipo chipatala ndi koleji yake zaphunzitsa anamwino ndi azachipatala ambirimbiri. Mwana wa kuno anayamba kuyankhula pagulu m'magulu achikhristu a achinyamata monga Pathfinder, SCOM kapena YCS. Anasunga kabuku ka ndalama za kwaya, anaphunzitsa ana aang'ono kuwerenga kumadarasa, anasonkhanitsa anzake kukafolera nyumba ya nkhalamba mvula isanagwe, anagona pamaliro ndi kuphunzira mmene anthu amatonthozerana. Mukamuuza kuti achotse chipembedzo m'nkhani yake, mwamuchotsera umboni wonse umene anali nawo, ndipo chotsala ndi mawu ouma amene aliyense angalembe: ndine wolimbikira, ndimakonda dziko langa, ndikufuna kuthandiza osauka. Mwana wa mumzinda amene anali ndi makalabu asanu pasukulu pake sataya kanthu akasiya kutchula mpingo. Wa kwa Kapichi amataya pafupifupi zonse. Choncho langizo looneka lofanana kwa onse limapweteka wosauka kuposa wolemera.

Njira imene ndikuona yoyenera kwa wosankha kutchula ndi kulemba ntchito m'malo mwa chizindikiro. Wothyola tiyi sazula chitsamba chonse kuti aonetse kuti wagwira ntchito. Amatenga masamba awiri ndi nsonga, pakuti ndi pamene pali chofunika. Chimodzimodzi wolemba asasandutse chimangirizo ulaliki, asadzazemo mavesi, asayese kutsimikizira wowerenga kuti chipembedzo chake ndiye choona. Atenge chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene chikhulupiriro chake chinabala m'moyo wake. Mnyamata wosunga Sabata angafotokoze mmene anaphunzirira kukonza sabata yake yonse kuti ntchito ya kusukulu ithe dzuwa la Lachisanu lisanalowe, ndi mmene chizolowezi chimenecho chinamuthandizira pa mayeso. Mtsikana wachisilamu angafotokoze mmene anakambirana ndi aphunzitsi ndi makolo za mpango wake popanda kunyoza mbali iliyonse, ndi zimene anaphunzira pa kuyanjanitsa anthu. Wowerenga amene sapemphera, kapena wa chipembedzo china, angamvetse kudziletsa, kuleza mtima ndi kukhulupirika pa ndalama za gulu, ngakhale sangamvetse chiphunzitso. Ndipo pali phindu lina. Wowerenga wa tsankho amagwira msanga dzina lokha, chifukwa dzinalo limadzutsa zimene anali nazo kale m'mutu. Nkhani ya munthu mmodzi wochita zinthu zenizeni imamuvuta kuikankhira m'gulu limene amalida.

Kwa atsikana funsoli limabwera mwa mtundu wina. Iwo sangabise kuti ndi atsikana, fomu imafunsa kale, ndipo mabungwe ambiri monga CAMFED amafunafuna atsikana mwadala. Vuto lawo ndi lokakamizidwa kugulitsa masautso. Chifukwa chakuti opereka thandizo amakhudzidwa ndi nkhani zomvetsa chisoni, pabuka chizolowezi chouza mtsikana kuti alembe zowawa zonse: kuti anatsala pang'ono kukwatiwa, kuti anatenga pathupi, kuti wina anamugwiririra. Zinthu zimenezi zimachitikadi. Dziko lino linavomereza mu 1993 kuti mtsikana amene wabereka abwerere kusukulu, ndipo mu 2017 linasintha malamulo aakulu kuti aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, chifukwa mavutowa anali ponseponse. M'maesiteti a tiyi momwemu, amayi ena anatengera kukhoti ku London kampani ya Camellia, mwini wa Eastern Produce Malawi, pa madandaulo a nkhanza zogonana kuntchito, ndipo nkhaniyo inatha mu 2021 ndi mgwirizano wa chipukuta misozi popanda kampaniyo kuvomera mlandu. Mwana wokulira m'dera lotere amadziwa zambiri zimene sanena. Koma bala lake si tikiti yolipirira sukulu. Mtsikana amene wabwerera m'kalasi ali ndi mwana kunyumba angasankhe kulemba za zimenezo monyadira, pakuti kudzuka m'bandakucha kuyamwitsa ndi kukalemba mayeso ndi umboni wa mphamvu. Angasankhenso kulemba za chikondi chake pa masamu osatchula mwanayo n'komwe. Zonse ziwiri n'zoona. Choipa ndi pamene mlangizi, pofuna kuti chiwerengero cha ana amene wathandiza chikwere, akumuuza kuti popanda misozi sapambana. Nkhani imeneyo ikapita, imakasindikizidwa m'malipoti ndi pa intaneti pamodzi ndi chithunzi chake, ndipo iye adzakhala nayo zaka zonse pamene mlangiziyo anaiwala kale dzina lake.

Nkhani yovuta koposa ndi ya wachinyamata amene mumtima mwake sadzimva mogwirizana ndi thupi limene anabadwa nalo, kapena amene amakopeka ndi amuna kapena akazi anzake. Anthu otere alipo m'midzi mwathu monga alili kwina kulikonse, ngakhale nkhani yawo sikambidwa pabwalo. Mayunivesite ena akunja amaika malo pa fomu oti munthu afotokoze zimenezi, ndipo alangizi a pa intaneti amalimbikitsa kuti kumasuka kumasonyeza kulimba mtima. Koma malamulo a milandu a dziko lino amaletsabe kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, chilango chake chimafika zaka 14 kundende kwa amuna, ndipo mu Juni 2024 oweruza a Khoti Lalikulu, atakhala monga khoti lomasulira malamulo aakulu, anakana kuchotsa malamulowo. Kuwonjezera apo, chimangirizo cha mwana wa kumudzi sichichoka m'manja mwake kupita kunja chokha. Chimadutsa kwa mphunzitsi wokonza Chingerezi, kwa mwini foni yobwereka, kwa wotayipa pa kompyuta ya pa sitolo ku Luchenza kapena ku boma. Chinsinsi chodutsa m'manja ambiri chotere chimafika kumudzi wolembayo asanafike. Amalawi amasiyana maganizo kwambiri pa nkhaniyi, ndipo ambiri amaitsutsa potengera chikhulupiriro chawo. Koma ngakhale wotsutsa kwambiri, ngati ali ndi mtima wa kholo, sangafune kuti mwana wa zaka 18 athamangitsidwe pakhomo kapena amenyedwe chifukwa cha pepala. Ndipo wolimbikitsa kumasuka ali ku Boston kapena ku Toronto sadzagona m'komboni usiku umene nkhaniyo idzamveke. Pano m'pamene ulamuliro wa mwini nkhani uyenera kulemekezedwa kotheratu, ndipo kukhala chete kwake kusatchedwe mantha.

Wina anganene kuti kusatchula chikhulupiriro ndi kuchikana, ndipo Mkhristu angakumbukire Petro m'bwalo la mkulu wa ansembe. Chitsutso chimenechi n'cholemera, chifukwa chikuchokera kwa anthu amene amaona chikhulupiriro ngati chinthu choposa sukulu. Koma Petro anafunsidwa mwachindunji, ndipo ananama. Chimangirizo cha mawu mazana asanu kapena asanu ndi limodzi sichifunsa zonse. Wolemba aliyense amasiya zambiri, ndipo wosatchula agogo ake sanawakane. Malire ali pa bodza. Kusintha dzina kuti usaoneke Msilamu, kudzitcha wa mpingo umene supitako kuti ulowe koleji ya mpingowo, kupeka umasiye kapena nkhanza zimene sizinachitike, zimenezi zimawononga wolembayo ngakhale atapambana, pakuti adzayenera kukhala m'bodzalo zaka zinayi. Fomu ikafunsa chipembedzo mwachindunji, munthu ayankhe zoona kapena asiye malowo ngati n'kololedwa. Ndipo pali nthawi zina pamene kunena kumateteza. Wosunga Sabata afunse asanalandire malo ngati maphunziro kapena mayeso amachitika Loweruka. Wofunsira ku Catholic University ku Nguludi, ku Malawi Adventist University kapena ku University of Livingstonia adziwe kuti masukulu a mipingo ali ndi miyambo yawo ya mapemphero ndi khalidwe, ndipo adziyese ngati angakhalemo mwamtendere. Kukanidwa ndi malo amene sakanakulandira monga ulili nthawi zina kumakupulumutsa ku zaka za chisoni.

Winanso anganene zosiyana: kuti zonsezi zichotsedwe, pasakhale kutchula chipembedzo, ukazi kapena kochokera, mapointi okha ndiwo aweruze. Maganizowa ali ndi kukoma kwake, makamaka kwa ife amene tinaona zowawa za kusankha potengera maboma. Manambala sadziwa mpingo wa munthu. Koma manambala sadziwanso ulendo umene wayendedwa kuti apezeke. Mapointi 15 a mwana wa sukulu yogonera ya boma, ndi mapointi 15 a mtsikana amene ankatunga madzi, kuphika, kulera ang'ono ake mayi ali kumunda wa tiyi, n'kuwerenga ndi tochi ya foni, si chinthu chimodzi ngakhale pepala likuti n'chimodzi. Wopereka sikolashipu ali ndi ufulu, ndipo ali ndi chifukwa, chofunira kudziwa kusiyanako. Ngakhale khoti lalikulu la ku America, pothetsa mu Juni 2023 kusankha ophunzira potengera mtundu pa mlandu wa Harvard, linasiya mpata woti wofunsira afotokoze mmene mtundu wake unakhudzira moyo wake, malinga ngati akukamba za khalidwe kapena luso limene iye mwini anapeza. Oweruza amene sankafuna zizindikiro anavomerezabe kuti moyo wa munthu sungachotsedwe m'nkhani yake. Kuletsa aliyense kutchula n'kulakwa mofanana ndi kukakamiza aliyense kutchula, chifukwa njira zonse ziwiri zimalanda chiganizo kwa mwini wake n'kuchipereka kwa wolemba malamulo.

Chitsutso chachitatu ndicho chapafupi ndi chikhalidwe chathu. Mwana wa zaka 18 angadziwe bwanji choyenera? Mutu umodzi susenza denga, ndipo kuno kwathu nkhani yaikulu ya mwana imakhudza mayi ake, malume ake ndi mbumba yonse. N'zoonadi kuti mwana asasiyidwe yekha, ndipo zimene angalembe zokhudza banja, monga matenda a kholo kapena kutha kwa ukwati, sizake yekha. Ayenera kufunsa eni ake asanaziike papepala. Koma kuthandiza kusenza denga n'kosiyana ndi kusankhira munthu pomanga nyumba yake. Mphunzitsi sadziwa zonse zimene zili m'mtima mwa wophunzira wake. Abusa angafune kuti mpingo utchulidwe kuti ulemekezeke. Malume angafune kuti zonse zibisike kuti banja lisachite manyazi. Aliyense wa iwo ali ndi chake chimene akuteteza, ndipo palibe mmodzi amene adzakakhale m'chipinda cha ku koleji m'malo mwa mwanayo. Thandizo lenileni la wamkulu ndi kupereka chidziwitso chimene mwana alibe: kuti sukulu imeneyi ndi ya anthu otani, kuti pepalali lidzawerengedwa ndi angati, kuti cholembedwa pa intaneti sichifufutika, kuti pali njira zina zofotokozera chinthu chomwecho. Atamva zonsezi, wachinyamatayo asankhe. Timamukhulupirira kuti avote, timamulola kuti alembedwe ntchito pa esiteti ndi kusenza dengu tsiku lonse, timayembekeza kuti akapita kunja adzisamalira yekha. Sizingakhale zoona kuti wokhwima pa zonsezi ndi wosakhwima pa kusankha zimene anganene za moyo wake.

Komabe sindikufuna kuti katundu yense atsalire pamutu pa mwana, ngati kuti ofunsa mafunsowa alibe mangawa. Amene amapempha munthu kuti aulule za moyo wake amatenga ngongole, ndipo ngongoleyo iyenera kubwezedwa ndi chisamaliro. Bungwe kapena koleji yofuna chimangirizo inene poyera pa fomu pomwepo kuti adzawerenga ndani, pepalalo lidzasungidwa kuti ndi kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso kuti silidzasindikizidwa popanda chilolezo chatsopano cha wolembayo atakula n'kumvetsa. Inenenso kuti kusatchula chipembedzo kapena za m'thupi sikuchepetsa mwayi wa munthu, ndipo ichite monga yanenera. Dziko lino linakhazikitsa mu 2024 lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, ndipo nkhani za ana ofunsira sukulu ziyenera kuwerengedwa pakati pa zinthu zoyenera kutetezedwa kwambiri. Owerenga akhale oposa mmodzi, ochokera kosiyana, kuti tsankho la munthu mmodzi lisatseke njira ya mwana. Aphunzitsi a m'masekondale a kwa Kapichi, amene nthawi zambiri ndiwo oyamba kuona mapepalawa, asunge zimene awerenga monga namwino amasungira za wodwala, ndipo asanakonze chiganizo ngakhale chimodzi afunse mwanayo ngati zimene walemba n'zoona, ngati walemba mwa kufuna kwake, ndi ngati angakhale mwamtendere zitamveka kwawo. Zimenezi sizifuna ndalama za boma kapena za mayiko akunja. Zikachitika, ana ambiri adzalemba za chikhulupiriro chawo ndi za ukazi wawo momasuka, chifukwa adzakhala ataona kuti kutero sikunapweteke amene anawatsogolera. Zikapanda kuchitika, tidzapitiriza kutaya anamwino, aphunzitsi ndi mainjiniya a m'midzi ya tiyi, ena chifukwa ananena zambiri kwa munthu wolakwika, ena chifukwa anaopa n'kutumiza pepala lopanda moyo, ndipo vuto limenelo lidzakhala la ife akuluakulu amene tinafunsa mafunso tisanakonzekere kusunga mayankho.